Kujambula Malole Pamsewu: Lamulo Likuti Chiyani?

Nsomba za ku Mangochi zisanafike pa msika wa Limbe zimadutsa m'boma la Chiradzulu. Msewu wa M3 ukachoka ku Zomba umalowa m'bomali pa Namadzi, n'kupitirira pa Mbulumbuzi ndi pa Njuli pamene malole onyamula miyala amalowera mumsewu. Choncho amayi athu a geni ya usipa ndi utaka, pamodzi ndi ana athu amene ali madalaivala, amadutsa apa usana ndi usiku. Masiku ano m'malo onsewa muli achinyamata a mafoni m'manja, ndipo lole yodzaza mopitirira muyeso siidutsa osajambulidwa. Kodi ali ndi ufulu wotero?

Lole yoyenda pamsewu wa boma si chinsinsi. Nambala yake ndi dzina la kampani anazilemba kuti anthu aziona. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'ndime 35, amapereka ufulu wofotokoza maganizo, ndipo ndime 21 yoteteza zinsinsi za munthu imatchula za kusecha munthu, nyumba kapena katundu wake, kumulanda zinthu, ndi kusokoneza makalata ndi mafoni ake. Woima m'mbali mwa msewu n'kujambula galimoto sachita chimodzi mwa izi. Ndipotu lole ikagunda wa njinga n'kuthawa, chithunzi cha nambala yake n'chimene chingathandize apolisi ndi anamfedwa. Malo otetezedwa ndi boma, monga a asilikali, ali ndi lamulo lawolawo. Kumeneko foni ikhale m'thumba.

Koma abale, pamwamba pa lole pamakhala anthu. Mayi amene wagona pa madengu a nsomba, chitenje chitasunthidwa ndi mphepo, sanakwere kuti mudzi wonse udzamuone pa WhatsApp. Nayenso dalaivala akaimika galimoto usiku, kutsogolo kuja n'kumene amadyera, kusintha zovala ndi kugona. Ife tikuona kuti kusuzumiramo ndi kamera sikusiyana ndi kusuzumira pa zenera la kuchipinda kwa mwini. Mwina wakwezamo mlongo wake. Chithunzi chikafika kwa akunyumba kwake chopanda wochifotokoza, banja lagwedezeka.

Mlandu kawirikawiri umabadwa potumiza, makamaka pa mawu amene timalemba pansi pa chithunzi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa foni ndi kompyuta. N'zoona kuti mu 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime 200 ya Penal Code, yomwe inkatengera munthu kundende chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Komabe amene mwamulemba kuti "wakuba" kapena "woledzera" popanda umboni angathe kukusumirani kuti mumulipire, ndipo ntchito yake ikatha chifukwa cha inu, ana ake adya chiyani? Palinso lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira.

Mukaona lole ikuyenda moopsa, jambulani nambala ndi katundu wake, sungani tsiku, nthawi ndi malo, ndipo kaperekeni ku polisi yapafupi kapena kwa eni galimotoyo. Dalaivala akatsika n'kufunsa chifukwa chake, mulonjereni mwaulemu ndi kumuonetsa chithunzicho. Ngati nkhope za okwera zikuonekamo, zibiseni musanatumize kwa wina aliyense.