Mantha pa chiwongolero pambuyo pa ngozi

Mabala a ngozi ya pamsewu akapola, achibale amati munthu wachira. Galimoto ikakonzedwa, mwini wake amafuna kuti woyendetsa abwerere pa ntchito. Koma oyendetsa ena akangogwira chiwongolero, manja amanjenjemera ndipo mtima umagunda ngati ng'oma. Ambiri amabisa, poopa kusekedwa kapena kuchotsedwa ntchito.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Pa nthawi ya ngozi, ubongo umasunga zonse zimene zinalipo: kulira kwa mabuleki, fungo la mafuta, mvula, malo okhota msewu. Tsiku lina chimodzi mwa izi chikaonekanso, thupi limayesa kuti ngozi yabwerera. Limatulutsa adrenalina m'magazi kuti munthu athawe. Mtima umathamanga, mpweya umachepa, thukuta limatuluka, mutu umazungulira.

Amene anagundana ndi lole pa msewu wa N7, pakati pa Moatize ndi Zóbuè, akhoza kuzizira nkhongono akangoona lole ina ikubwera kutsogolo. Zili ngati munthu amene analumidwapo ndi njoka: amadumpha akaona chingwe.

Iyi si misala ndipo si ufiti. Mantha otere amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenako amatsika okha. Choopsa n'kupitiriza kuyendetsa muli choncho.

Akakugwirani muli pamsewu

1. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono. Musaponde mabuleki mwadzidzidzi.
2. Imani kumanzere, kunja kwa msewu, pamalo oonekera patali. Musaime pokhota kapena pa mlatho.
3. Yatsani magetsi anayi ophethira.
4. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4. Utulutseni ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kangapo.
5. Tchulani zinthu zisanu zimene mukuona: mtengo, nyumba, mbuzi, phiri, njinga. Izi zimakumbutsa ubongo kuti muli pano lero, ngozi ija inapita.
6. Nyamukani manja akasiya kunjenjemera. Zikakanika, itanani wina wokhala ndi chilolezo choyendetsa.

Ngati mukuyendetsa chapa, uzani okwera kuti mukupuma pang'ono. Angadandaule, koma adzafika amoyo.

Kubwerera pang'onopang'ono

Kuthawa galimoto kumapatsa mtendere wa tsiku limodzi, koma mantha amakula. Ubongo umafunika kuona wokha, kambirimbiri, kuti ulendo ukhoza kutha bwino.

Yambani ndi chophweka. Khalani m'galimoto yoima, injini ili yozima. Mawa lizani injini. Kenako yendetsani pabwalo kapena pa msewu wopanda magalimoto ambiri, masana, muli ndi munthu amene mumamukhulupirira. Bwerezani chinthu chimodzi mpaka mantha atachepa, ndiye mupite pa china. Msewu waukulu, usiku ndi malo a ngozi aja zikhale zomalizira. Oyendetsa njinga zamoto achitenso chimodzimodzi.

Musamwe mowa kuti mulimbe mtima. Musamwenso mapiritsi ogonetsa, monga diazepam, amene simunalemberedwe kuchipatala. Zonsezi zimachedwetsa maso ndi phazi, ndipo zingabale ngozi yachiwiri.

Mupite liti kuchipatala?

M'masabata oyamba, kudzidzimuka ndi kulota ngozi n'zachilendo ayi, ndipo kwa anthu ambiri zimatha zokha. Koma pitani kuchipatala ngati patha mwezi umodzi mukusowabe tulo, mukuonabe ngoziyo m'maganizo, kapena mwasiya ntchito chifukwa cha mantha. M'zipatala za m'madistrito ambiri muli wogwira ntchito wotchedwa técnico de psiquiatria. Funsani dzina limeneli pachipatala chapafupi, adzakuuzani kumene ali. Chithandizo chachikulu cha vutoli n'kukambirana ndi kuphunzira njira zolimbana ndi mantha.

Musadikire mwezi ngati chifuwa chikuwawa kwambiri, mwakomoka, kapena munamenyetsa mutu pa ngoziyo. Izi zikhoza kukhala matenda ena. Amene akuganiza zodzipha apite naye tsiku lomwelo.

Mawu kwa achibale ndi eni magalimoto

Musamuuze kuti "mwamuna salira" kapena "iwalani basi". Mumvetsereni akafuna kufotokoza, ndipo musamukakamize akakhala chete. Khalani naye pampando wa kutsogolo pa maulendo oyamba. Eni chapa ayambe kumupatsa maulendo afupi a masana, chifukwa moyo wa okwera onse uli m'manja mwake.