KEKE YA KHIRISIMASI IDATSALA PANG'ONO KUDYA MPAMBA WA ACHEMWALI

Inu amene mumachita geni ya mandasi ku Limbe, ku Ndirande kaya ku Mchesi ku Lilongwe mukudziwa kuti chimene chimagwetsa mpamba kawirikawiri si mbava ayi. Ndi mwana wako yemwe, akaima pakhomo n'kumayang'ana beseni uku iwe ukulisenza kupita kumsika. Ikafika Disembala ndiye zimachita kunyanya.

Ine ndidaziona ndi maso angawa kwathu ku Phalombe Boma pa Khirisimasi ya 2023.

Achemwali anga aakulu amagulitsa mandasi pamsika wa pa Boma pomwepo. Ali ndi ana atatu. Panthawiyo wamkulu adali ndi zaka 9, wachiwiri, mtsikana wolongolola kwabasi, adali ndi zaka 6, ndipo kachitsirizira kadali ndi zaka 3. Alamu adapita ku Joni kukasaka maganyu, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo. Tsono kwathu kwa Alomwe ana a mlongo wako ndi ako ndithu, bambo akatalikira maso onse amatembenukira kwa malume. Malumeyo ndine, mtolankhani wosalembedwa ntchito paliponse, wodya pokhapokha nkhani ikatuluka m'nyuzi.

Pakhomopo padali mwambo. Chaka chilichonse madzulo a pa 24 Disembala achemwali ankaphika keke yeniyeni ya fulawa, mazira anayi, majarini ndi shuga. Uvuni alibe, magetsi alibe, ankaphikira m'poto pambaula. Koma ikapsa ana a nyumba zoyandikana ankadzaza pabwalo, ndipo adzukulu angawo ankayenda mapewa ali m'mwamba mpaka Nyuwere.

Chaka chimenecho zinthu zidavuta kuyambira m'Malichi. Ife tidakula tikumva amayi akusimba za napolo wa pa 10 Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Ine n'kuti ndisanabadwe, ndipo ndinkaiyesa mbiri yakale. Namondwe wa Freddy atafika m'Malichi 2023 tidasiya kuiyesa mbiri. M'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo Phalombe ndi Mulanje adali m'gulu la maboma okhudzidwa koopsa. Kwathu tidapulumuka tonse, koma khitchini ya achemwali idagwa, ndipo munda wawo wa m'mbali mwa mtsinje udakwiririka ndi mchenga chimanga chili pafupi kukhwima. Sadakololemo ngakhale dengu limodzi.

Ngati kuti zimenezo sizidakwane, pa 9 Novembala kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene idali pa K1,180 idadumphira pa K1,700. Wina angafunse kuti dola ikumukhudza bwanji mayi wokazinga mandasi ku Phalombe. Ikumukhudza m'beseni momwemo. Tirigu amene amalimidwa kuno, kumapiri a ku Neno ndi ku Tsangano, ndi wochepa zedi. Wambiri amabwera pa sitima zapamadzi kuchokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Mtengo wake udali utakwera kale kuyambira 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, pakuti maiko awiriwa ndi ena mwa ogulitsa tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa kwambiri padziko lonse. Ndiye kwacha itagwa, fulawa ndi mafuta ophikira zidakwera ngati zamera mapiko, pamene wogula mandasi ukamukwezera pang'ono amangotembenuka n'kukagula chinangwa.

Ndidanyamuka ku Limbe Loweruka pa 23, minibasi yodzera pa Chitakale ndi pa Likhubula. M'chikwama mudali paketi imodzi ya shuga, botolo la Sobo ndi timadiresi ndi kabudula za pakaunjika. Pamenepo ndiye padathera mphamvu zanga. Nditangotsika, wa zaka 6 uja sadafunse n'komwe za diresi.

"Amalume, mawa tiphika keke eti?"

Ndidayankha kuti eya, osadziwa kuti ndadziponya m'dzenje.

Usiku ana atagona achemwali adandiitanira kuchipinda n'kundionetsa kathumba ka fulawa. Kadali ka makilogalamu 5, ndipo kameneko ndiko kadali mpamba wonse. Ku banki m'khonde kumene amasunga, anzawo adali atagawana kale ndalama monga amachitira Disembala aliyense, koma iwo adabwerako ndi zochepa chifukwa adali ndi ngongole imene adatenga pomanganso khitchini.

"Achimwene, mundiuze inuyo," adatero. "Ndikatapa apa keke, ndigulenso mazira ndi majarini, pa 26 ndikazinga chiyani? Januwale ndi uyu, sukulu ikutsegula, chimanga n'chogula."

Inu a geni mukudziwa mandasi angati amatuluka pa kilogalamu imodzi, sindikuphunzitsani ayi. Mukudziwanso kuti masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere ndiwo amalonda, anthu a kutauni ali kumudzi ndipo m'matumba muli kanthu. Ukaphonya sabata imeneyo, Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, imakupeza uli manja lende. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa geni yawo idafera pa Khirisimasi, osati chifukwa cha uchitsiru, koma chifukwa chokanika kumuuza mwana kuti ayi. Ndipo ena a ife ochokera kutauni timathandizira kuipha, tikafika kumudzi manja ali m'thumba n'kumadikira tiyi wa mandasi atatu m'mawa uliwonse.

Mlanduwu adaudula ndi amayi m'mawa mwake. Adamva zonse ali chete, kenako adati: "Nanga mgaiwa watha? Tiphike chigumu."

Wa zaka 6 uja adalumpha ngati waponda moto. "Chigumu si keke, agogo! Chigumu timagula kusukulu pa buleki!"

Sadaname mwanayo. Chigumu, chimene ena amachitcha chikondamoyo, n'chakudya cha tsiku lililonse, cha munthu wopita kumunda kapena woyendetsa kabaza. Palibe amene amachiika patebulo kuti alendo aone. Koma amayi sadatekeseke. Adauza achemwali kuti atape kapu imodzi yokha ya fulawa, imodzi basi, ina yonse isakhudzidwe.

Kwa amene mungafune kuyesa, zidalowa m'beseni ndi izi: makapu atatu a mgaiwa wosefa bwino, kapu imodzi ya fulawa ija, nthochi zisanu zakupsa mpaka makoko kuda, dzira limodzi limene tidalanda nkhuku ya amayi, theka la kapu ya shuga, kamchere, masupuni atatu a mafuta ndi theka la supuni yaing'ono ya soda. Nthochizo nazo tidachita kusaka, pakuti chiyambire matenda a chisaka kuwononga nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, sizipezeka mwachisawawa ngati kale. Zakudazo wogulitsa adatipatsa motchipa poona kuti zimuwolera.

Chinsinsi cha amayi chidali pa chosungunulira. M'malo mwa madzi adathira thobwa la dzana limene lidayamba kusasa. Soda payekha safufumitsa bwino, amafuna chinthu chowawasa kuti atulutse mpweya, n'chifukwa chake ena amathira chambiko kapena madzi a mandimu. Ukangochulutsa soda kuti chitukuke, chigumu chimasanduka chachikasu n'kumamveka sopo m'kamwa. Fulawa uja ntchito yake ndi kugwira mgaiwa kuti usamayoyoke podula.

Ana adapatsidwa ntchito. Wamkulu ankasinja mtedza wokazinga, wachiwiri, atatupa masaya chomwecho, ankakanya nthochi ndi foloko, ndipo kakang'ono kankangonyambita chilichonse chimene chagwa. Ine ndidapatsidwa moto.

Apa ndiye ndivomere mlandu wanga. Makala adali ochepa, tidawonjezera ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, imene ku Phalombe ndiyo nkhuni za anthu ambiri. Chitini chophikira chidali chaching'ono kotero amayi adathiramo theka lokha la zosakaniza zija. Ndikuyang'ana ku Michesi ndidaona mtambo wakuda ukutsika, ndipo ndidati ndifulumize zinthu mvula isanafike. Ndidakoleza moto wambiri pansi, n'kuunjika makala ena pachivundikiro ngati ndikuwotcha njerwa. Sipadathe mphindi 15 fungo lidasintha. Titavundukula, pamwamba padali bii, pansi bii, pakati phala.

Palibe adayankhula. Achemwali adangoyang'ana theka la kapu ya fulawa wawo litasanduka khala, n'kulowa m'nyumba. Wa zaka 6 adayamba kusisima.

"Choka apa iwe, kalembe nyuzi zako," adatero amayi.

Adatuma wamkulu uja kukatapa mchenga kuseri kwa nyumba, pa mulu umene Freddy adatisiyira ndipo tidali tisanauchotse. Adauthira m'poto wamkulu wakale kufika ngati zala ziwiri, n'kuutenthetsa kaye. Chitini cha theka lotsala lija adachikhazika pamchengapo, navundikira ndi chidutswa cha lata. Mchenga umamwaza kutentha mofanana, ndipo chitini sichikhudzana ndi moto. Pansi adasiya timakala towerengeka, pamwamba adayala makala mozungulira m'mphepete, pakati osaikapo kanthu. Makala a nandolo amazima msanga, ndiye ankawonjezera pang'onopang'ono. Adaletsa aliyense kuvundukula, ati mpweya wotentha ukathawa chimafota.

Mvula idatipeza, tidasamutsira mbaula pakhonde. Patatha mphindi ngati 45 amayi adabaya pakati ndi kachitsotso, kadatuluka kouma. Chidali chofiirira bwino, chotukuka pakati, ndipo fungo la nthochi lidafika mpaka kwa aneba.

Adachisunga m'dengu usiku wonse, pamwamba pa kabati pamene kakang'ono sikangafikire. Chopserera chija ana adachipala makoko n'kudya chapakati ndi supuni, palibe chidatayidwa.

Lolemba pa 25, titabwera kutchalitchi n'kudya mpunga, wamkulu adadula mango m'tizidutswa n'kuyala pamwamba, nawaza nsinjiro zija. Ana a aneba adafika asanu ndi awiri, kuphatikiza athu atatu, khumi. Achemwali adadula mosamala ngati akugawa malo a munda, aliyense kachidutswa kosaposa bokosi la machesi, ndi kapu ya Sobo wosungunula mpaka mtundu kutsala pang'ono kutha. Akuluakulu tidangonyambita mpeni.

Ndili pakhonde ndidamva wa zaka 6 uja akuuza anzake mokweza kuti imeneyi ndi keke ya ku Limbe, abwera nayo amalume, ndipo ku Phalombe kuno siipezeka. Amayi adandiyang'ana, ine ndidayang'ana kumbali.

Lachiwiri cha m'ma 4 koloko m'mawa ndidadzutsidwa ndi phokoso la mafuta m'chiwaya. Achemwali adali akukazinga, kathumba kaja katapunguka kapu imodzi yokha. Pofika Nyuwere adali atagula fulawa wina kawiri, ndipo Januwale adamudutsa beseni lisanakhale pansi.

Kuyambira chaka chotsatira, fulawa akakwera kwambiri amaphikanso chigumu cha pamchenga chija n'kumagulitsa chodulidwa pambali pa mandasi. A kabaza ndiwo amachitha, ati chimakhalitsa m'mimba. Mwana uja wakula tsopano ndipo amathandiza kusenza beseni popita kumsika Loweruka, koma mpaka lero amalimbikira kuti cha kumsika ndi chigumu, cha pa Khirisimasi ndi keke. Ine pakhomopo adandiletsa kuyandikira mbaula, ntchito yanga ndi kukatapa mchenga.