MFUMU, PULEZIDENTI KAPENA MSILIKALI: MPHAMVU ZILI M'MANJA MWA YANI?

Pa 24 Okutobala, 1964, dziko la Northern Rhodesia linalandira ufulu ndi kukhala Ripabuliki ya Zambia. Kuyambira tsikulo Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain sinakhalenso mutu wa dziko lino, ndipo Dr Kenneth Kaunda anakhala Pulezidenti woyamba. Malawi nayenso analandira ufulu caka comweco, koma Mfumukaziyo inakhalabe mutu wa dzikolo kufikira mu 1966. Kodi ufumu ndi ripabuliki zisiyana motani?

Mu ufumu, mpando ndi wa banja limodzi, ndipo woulowa kawirikawiri amaukhala kufikira imfa. Anthu a kum'mawa akudziwa bwino dongosolo lotere: pakati pa Acewa ufumu umatsata kucikazi, pamene pakati pa Angoni a Mpezeni umatsata kucimuna. Mu ripabuliki mpando suli colowa ca banja lililonse. Mtsogoleri amasankhidwa, nakhala pampando zaka zowerengeka. M'Zambia zakazo ndi zisanu.

Komabe maufumu sali ofanana. Ku Britain ndi ku Lesotho mfumu ilipo ndipo imalemekezedwa, koma nchito yoyendetsa boma ili m'manja mwa Nduna Yaikulu ndi Nyumba ya Malamulo. Ku Eswatini, dziko limene kale linali kuchedwa Swaziland, zinthu nzosiyana. Mu 1973 Mfumu Sobhuza II inacotsa malamulo aakulu a dziko ndi kuletsa zipani za ndale. Mwana wake, Mswati III, analowa ufumu mu 1986, ndipo ndiye amasankha Nduna Yaikulu.

Nawo maripabuliki ali ndi mitundu yake. Kuyambira mu 1972 Zambia inali ndi cipani cimodzi cokha, ca UNIP, ndipo posankha Pulezidenti anthu anali kungovota kuti "inde" kapena "iai" pa dzina limodzi. Zipani zambiri zitaloledwanso, Dr Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba pa cisankho ca mu 1991, natula pansi udindo mwamtendere.

Palinso maboma olowa ndi mfuti. Ku Uganda, Idi Amin analanda boma mu 1971. Dzikolo linali kuchedwabe ripabuliki, koma mu ulamuliro wake wonse, kufikira mu 1979, anthu sanaponye voti, ndipo ambirimbiri anaphedwa.

Motero dzina lokha la boma silinena zonse. Mlimi wofuna kudziwa mtundu wa boma lomulamulira afunse mafunso atatu: mtsogoleri anafika bwanji pampando? Ndani angamuletse akalakwa? Nanga anthu akatopa naye, kodi angamucotse popanda kukhetsa mwazi? Mayankho ake ndiwo amaonetsa ngati dandaulo la munthu wa kumudzi pa mtengo wa cimanga kapena wa feteleza lidzamveka ku likulu. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.