Kupangana za Malipiro Usanayambe Nchito

Ambiri a ife amene tiri m'Folomu 4 tatsala pang'ono kutsazika sukulu ino, ndipo ena, tikadzatha mayeso, tidzayamba kuyendayenda m'maofesi, m'masitolo ndi m'maesiteti kufuna nchito. Aphunzitsi athu atiphunzitsa kale kalembedwe ka kalata yopempha nchito, koma ine ndifuna tikambirane china chimene ambiri timachiopa, ndicho kupangana za malipiro ndi bwana.

Kumudzi munthu wa ganyu saponya khasu pansi asanaone kukula kwa ndime ndi kumvana mtengo ndi mwini munda. Mwini akatchula ndalama, iye amati, "Onjezaniko, pakuti udzu wakula," ndipo palibe womuyesa wamwano. Koma ife ophunzira tikalowa mu ofesi timangoti, "Zikomo bwana," osafunsa kanthu, poopa kuti angatibweze. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba, dziwani zimene lamulo linena. Lamulo la za nchito la chaka cha 2000 lipatsa Nduna mphamvu yoika malipiro otsikitsitsa, ndipo bwana saloledwa kulipira ochepera pamenepo. Mu 2024 boma linakweza malipirowa, kwa anchito ambiri, kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Popeza chiwerengerochi chimasintha, yambani mwafunsa ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu. Lamulo lomwelo liti maola a nchito asapitirire 48 pa mlungu. Ola loonjezera lilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo la pa tsiku lopuma lilipidwe kawiri.

Chachiwiri, werengani ndalama zimene zidzafikadi m'manja. Zotchulidwa pakamwa sindizo zolowa m'thumba, pakuti pali msonkho ndi penshoni. Pa penshoni wanchito amadulidwa 5 pa 100 iriyonse, ndipo bwana amaikapo 10. Tsono pa malipiro a K200,000, K10,000 yapita kale. Pa zotsalazo chotsani lendi, minibasi, ufa, ndiwo ndi makala, muone ngati mudzafika kumapeto kwa mwezi osakongola. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo zinthu m'masitolo zinakwera mtengo. Motero nkwanzeru kufunsa kuti malipiro amaonedwanso liti.

Chachitatu, sankhani nthawi ndi mau. Musayambe ndi nkhani ya ndalama polowa pakhomo; dikirani kufikira bwana atanena kuti wakutengani, ndipo mlekeni atchule ndiye poyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha. Poyankha musadandaule za mavuto a kwanu, chifukwa iye sagula mavuto, agula luso. Nenani mwaulemu motere: "Bwana, ndathokoza. Koma popeza ndidziwa kompyuta ndi kusunga mabuku a ndalama, kodi simungaonjezeko pang'ono?" Akakana, si kutha kwa nkhani ai. Mukhoza kupempha ndalama zoyendera, chakudya cha masana, kapena kuti adzakweze mukadzatha miyezi yoyesedwa.

Chachinayi, zonse zilembedwe. Mau a pakamwa amauluka ndi mphepo, koma pepala siliiwala. Lamulo lilamula bwana kupatsa wanchito kalata yofotokoza malipiro, maola ndi masiku a tchuthi. Iwerengeni musanasaine, ndipo musunge yanu. Pakabuka mkangano, kalatayo ndiyo mboni yanu kwa mkulu wa Leba, ngakhalenso ku bwalo la milandu ya za nchito, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996.

Anzanga, mwayi umenewu makolo athu analibe. M'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anagwira thangata, kulimira mwini malo monga lendi ya pokhala pao, osaloledwa kutsutsa; ndipo ichi chinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Ife lero tiloledwa kukhala pa mpando ndi kufunsa. Tifunse tsono mwaulemu, ndi chiwerengero chokonzeka m'mutu. Ndipo tikagwirizana, tigwire nchitoyo mokhulupirika, kuti tsiku lopempha kukwezedwa tidzalankhule opanda manyazi.

Wophunzira wa m'Folomu 4