Seva imadya magetsi, n'kutulutsa kutentha

Sabata yathayi mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, zithunzi zathu za pa Facebook zimagona kuti foni ikazima?" Anzake anaseka, koma funsoli ndi lanzeru. Zimagona mu kompyuta ina imene sizimitsidwa usana ndi usiku, yotchedwa seva. Maseva ambirimbiri akasonkhanitsidwa m'nyumba imodzi, nyumbayo ndiye data center. Boma lathu lili nayo ku Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo inatsegulidwa mu 2022.

Inenso ndili ndi kaseva kanga kunyumba kuno ku Salisbury Lines. Musaganize zazikulu ayi. Poyamba inali kompyuta yakale yapadesiki imene ndinagula kwa mnzanga. Ndinaikamo manotsi a physics ndi mapepala a mayeso akale a MSCE, kuti ana oyandikana nane azitenga pa Wi-Fi osagula bandulo. Mwezi usanathe, mayi akunyumba anandifunsa ngati ndayamba kuphika nyemba pa magetsi mobisa. Mayunitsi anali atatha.

Tiyeni tiwerengere limodzi, paja izi munaphunzira kale. Kompyutayo imakoka mawati pafupifupi 100. Pa maola 24 ndiye 100 × 24 = 2,400, kapena kuti mayunitsi 2.4, poti yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Pa masiku 30 ndi mayunitsi 72. Ndipotu nthawi yambiri inkangolira yokha, ana onse ali mtulo.

Nanga magetsi onsewo amapita kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Mphamvu sitha, imangosintha maonekedwe. Seva sinyamula katundu, sipera chimanga. Pafupifupi wati iliyonse yolowamo imatuluka ngati kutentha, basi. Gwirani kumbuyo kwa laputopu imene yayaka kwa ola, mumva nokha. Tsono taganizani maseva 1,000, iliyonse ya mawati 300. Zikufanana ndi kuyatsa mbaula zamagetsi 200 za mawati 1,500 m'chipinda chimodzi, osazimitsa chaka chonse. Kutenthako kukapanda kuchotsedwa, makina amafooka kenaka n'kupsa. Kuchotsa kwakenso kumafuna magetsi ena oyendetsera mafani ndi makina oziziritsa.

Akatswiri ali ndi muyezo wa zimenezi, PUE. Amatenga magetsi onse olowa m'nyumbamo n'kugawa ndi amene maseva okha adya. Yankho likakhala 2, ndiye kuti theka la magetsi lapita ku zoziziritsa ndi zina zapambali. Likayandikira 1, zinthu zili bwino. N'chifukwa chake Facebook inatsegula data center ku Luleå, kumpoto kwa Sweden, mu 2013: kunja kumazizira kale, mpweya wozizira ndi waulere, ndipo magetsi ake amachokera ku madzi.

Mwina mukuti, ndiye Mzuzu bwanji, ndi kuzizira kwa mu June kuja eti? Maganizo abwino, koma mpweya wathu uli ndi chinyezi. Amene mumakhala kuno ku Salisbury Lines mukudziwa mmene makoma amanyowera nthawi ya dzinja. Chinyezi chikasanduka timadontho pa waya, chimadyetsa dzimbiri ndi kuchititsa shoti. Seva yanga ndinaichotsa pansi, ili pa shelefu pamwamba.

Vuto lina ndi gwero la magetsiwo. Ambiri m'dziko muno amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Seva sifuna kuzima mwadzidzidzi, zosungidwamo zimatha kuonongeka. Choncho data center iliyonse imakhala ndi mabatire ogwirizira mphindi zochepa, kenaka jenereta ya dizilo, imene imadula komanso kutulutsa utsi. Sola imathandiza, monga ya mamegawati 60 ku Salima, koma dzuwa likalowa seva imafunabe kudya. Ku Golomoti anaphatikiza sola ndi mabatire, ndipo kwa ine njira yake ndi imeneyo.

Ine ndinachita chimodzimodzi, mwaung'ono. Kompyuta ija ndinaipumitsa, ndinagula Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja, kokoka mawati ngati 5. Pa mwezi ndi mayunitsi 3.6, ntchito yake yomweyo. Zinandiwawa pang'ono, chifukwa kupanga chipangizo chatsopano kumadyanso mphamvu ndi miyala ya m'migodi, ndiye yakaleyo sindinataye. Timaiyatsa pofuna kulemba mayeso, tikatha timazimitsa.

Kakompyutako kamadya ku batire ya mavoti 12 ndi 7 Ah, yotchajidwa ndi kasola ka padenga. Ntchito yanu nayi: batireyo ikadzaza, kaseva kangayake maola angati kopanda dzuwa? Mukapeza yankho, muchotseko theka, poti batire yamtunduwu siyenera kukhutulidwa yonse, kenaka mundiuze Lolemba ngati kangafike m'mawa.