Mpaipi wa makilomita atatu ndi kanjira ka plasma

Ku California kuli makina a mitundu iwiri othamangitsa ma electron. Akale ali ku SLAC, pafupi ndi Stanford, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1966. Poyamba anali mpaipi wowongoka wa mkuwa, wotalika makilomita 3.2, momwe mafunde a wailesi ankakankha tinthu timeneti mpaka mphamvu yake kufika pafupifupi 50 GeV. Utali wonsewu uli ndi chifukwa. Magetsi akachuluka mopyola muyeso, khoma la mkuwalo limathetheka n'kuwonongeka, choncho wofuna mphamvu zambiri ayenera kutalikitsa mpaipi basi.

Atsopano ali ku Berkeley, pamalo otchedwa BELLA. Nzeru yake inachokera kwa Toshiki Tajima ndi John Dawson mu 1979. Iwo anaona kuti plasma, mpweya womwe ma electron ake athothoka kale ku maatomu, ilibe khoma loti lingawonongeke. Kuwala kwa laser kukadutsamo kumasiya funde kumbuyo, monga limachitira bwato la injini panyanja, ndipo ma electron amakwera fundelo. Chovuta chinali chakuti kuwalako kumamwazika kusanapite patali.

Apa m'pamene pagona luso lomwe ine limandigwira mtima. Laser yoyamba imatentha kamzere kowonda kwambiri mumpweya wa hydrogen. Kamzereko kakamafufuma, pakati pake pamapepuka pomwe m'mbali mwake mukukhuthala, n'kukhala kanjira kotsekera kuwala. Laser yachiwiri, yamphamvu zedi, imalowa m'kanjirako osamwazikanso. Mu 2024 akatswiri a ku BELLA anafikitsa ma electron pafupifupi 10 GeV pa mtunda wa masentimita 30 okha. Kanjirako sikatha ngati chitsulo, poti kamapangidwa mwatsopano nthawi iliyonse laser ikawomba.

Komabe kufupika sikokwanira. Mpaipi wa ku SLAC umatha kuwomba ka 120 pa sekondi, ma electron ake akutuluka ndi mphamvu zofanana tsiku ndi tsiku. Laser yaikulu ya ku BELLA imawomba kamodzi pa sekondi, ndipo magetsi ambiri omwe imadya amangosanduka kutentha. Wofufuza amene akufuna zotsatira zobwerezeka sangadalire makina otero panobe.

Pa ntchito ya lero, mkuwa ukadali patsogolo. Koma ndalama zofufuzira ziyenera kupita ku plasma, chifukwa ndi yokhayo yomwe ingadzalole yunivesite wamba kukhala ndi makina amphamvu chotere m'chipinda chimodzi.