Makadi asanu kumbuyo, awiri kutsogolo

Pa chipata cha Mwanza, pomwe malole amandanda kudikira kulowa ku Zobue, makadi ndi ofala potayitsa nthawi. Lero ndikufotokozereni masewera a m'kasino omwe luso lake lagona pa kayalidwe ka makadi: Pai Gow Poker, omwe Sam Torosian anayambitsa ku California mu 1985.

Makadi amakhala 53, kuphatikizapo joka. Wosewera amalandira 7 n'kuwagawa pawiri: asanu kumbuyo, awiri kutsogolo. Akumbuyo ayenera kuposa akutsogolo mphamvu, apo ayi ndalama yapita. Kuti adye, magulu onse awiri agonjetse a wogawa makadi. Likapambana limodzi lokha, palibe wadya mnzake.

Nanga odziwa amayala bwanji? Akakhala opanda makadi ofanana, lalikulu kwambiri amaliika kumbuyo, awiri otsatira kutsogolo. Peyala ikakhala imodzi imapita kumbuyo. Mapeyala atatu? Yaikulu kwambiri kutsogolo. Akapeza atatu ofanana komanso peyala pambali, amawalekanitsa, peyalayo n'kupita kutsogolo. Atatu ofanana okha sawamwaza, pokhapokha akhale maeyisi. Atsopano amakonda kuunjika mphamvu zonse kumbuyo, kenako n'kumadabwa kuti akungofanana ndi wogawa.

Komabe kasino siluza chisawawa. Makadi akalingana ndendende, wogawa ndiye wapambana, ndipo makasino ambiri amadula 5 peresenti pa zomwe munthu wapata. Kuno kwathu njuga zimayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova.